Mwana Wasankhidwa Kukaphunzira Unamwino: Fizi Ichokera Kuti?

Kalata yoti mwana wasankhidwa kukaphunzira unamwino imabwera ndi masamba awiri. Tsamba loyamba ndi lomwe limawerengedwa mokweza pakhonde, kenako n'kulengezedwa ku tchalitchi pa Sabata, mpingo wonse n'kuvomera "Amen". Lachiwiri limawerengedwa usiku ana atagona. Ndi lomwe lili ndi fizi ya semesita, tsiku lomaliza kulipira gawo loyamba, ndi mndandanda wa zoti wophunzira apite nazo: yunifolomu, nsapato zotseka, wotchi yokhala ndi muvi wa masekondi, zofunda, ndowa. M'mabanja ambiri a m'mipingo mwathu nkhani imathera pa tsamba lachiwirili, ndipo malo a mwanayo amatengedwa ndi wina amene anali pa mndandanda wodikirira.

Thandizo la fizi loperekedwa kwa ovutika lilipo, ngakhale ndi lochepa poyerekeza ndi olifuna. Chomwe chimatidandaulitsa n'chakuti kawirikawiri silifika kwa ovutikitsitsa. Limapita kwa amene anamva msanga, anasonkhanitsa mapepala nthawi ikadalipo, ndipo analemba fomu yomveka. Anthu osankha opindula nthawi zambiri saona denga lothonya kapena nkhokwe yopanda kanthu. Amakhala mu ofesi ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kutsogolo kwawo kuli mulu wa mafomu, ndipo umphawi umene amauona ndi wokhawo umene walembedwa papepala n'kudindidwa. Kwa iwo, banja losauka lopanda pepala silisiyana ndi banja lopeza bwino.

"Kodi si boma limalipira?"

Funso limeneli amakonda kufunsa ndi akuluakulu, ndipo zomwe akukumbukira si zabodza. Mu 2004 boma linayambitsa ndondomeko yapadera ya zaka 6 yochulukitsa ogwira ntchito zachipatala, mothandizidwa ndi boma la Britain komanso thumba la Global Fund. Inali nthawi yomwe Edzi inali itapulula anthu ambiri, anamwino omwe, ndipo ena mwa otsala anali kunyamuka kukagwira ntchito kunja. Malipiro a ogwira ntchito zachipatala anawonjezeredwa ndi 52 peresenti, makoleji anakulitsidwa, ndipo ophunzira ambiri a m'makoleji a mishoni ankalipiriridwa ndi boma. Azakhali amene anaphunzira m'zaka zimenezo akamati iwo anangonyamula sutikesi basi, akunena zoona. Koma ndondomekoyo inali ya nthawi, ndipo inatha. Lero banja lomwe lalandira kalata liyambe ladziwa kuti fizi ndi yake, pokhapokha kalatayo itanena mosabisa kuti pali wina wolipira.

Komanso fizi yolembedwa m'kalata ya chaka choyamba si imene mudzalipire chaka chachitatu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makoleji amagula chakudya, mafuta ndi zipangizo pa mitengo ya lero. Amene akuwerengera mbuzi za m'khola awerengere zaka zonse za maphunziro, osati semesita imodzi.

Zitseko zomwe mungagogode zimatengeranso zimene mwana akukaphunzira ndi komwe akupita. Pali digiri ya zaka 4, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kapena ya ku Mzuzu University. Palinso dipuloma ya zaka 3 ya unamwino ndi uzamba, imene yatulutsa anamwino ambiri omwe timawapeza m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Imeneyi imaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a mipingo omwe ali pansi pa bungwe la CHAM, monga Nkhoma, Ekwendeni, St Luke's ku Malosa, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona, ndi koleji yathu ya Malamulo ku Makwasa. Wopereka thandizo aliyense ali ndi makoleji ndi mapulogalamu amene amagwira nawo ntchito, ndiye fomu yabwino yotumizidwa kolakwika ndi ndalama ya fotokope yotayika. Ndipo musanagulitse mbuzi ngakhale imodzi, tsimikizani kuti kolejiyo ndi yovomerezeka ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe lolemba anamwino ndi azamba m'kaundula. Womaliza maphunziro pa sukulu yosavomerezeka sangalembe mayeso a bungweli, choncho sangalembedwe ntchito ya unamwino m'chipatala chilichonse.

Mphatso, ngongole ndi pangano

Mawu akuti "basale" timawagwiritsa ntchito pa zinthu zosiyana, ndipo mikangano ina ya m'banja imayambira pamenepa. Ndalama ina ndi mphatso yeniyeni. Ina ndi ngongole. Ina imabwezedwa ndi zaka za ntchito.

Bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limapereka makamaka ngongole kwa ophunzira ovutika a m'sukulu zaukachenjede zovomerezeka ndi National Council for Higher Education, za boma ndi zomwe si za boma. Fomu yake imalembedwa pa intaneti, ili ndi tsiku lotsekera, ndipo wophunzira amapemphanso chaka china chikafika. Ndalamayi idzabwezedwa, ndipo bungweli lili ndi mphamvu yoitsata kudzera kwa olemba anthu ntchito. Sitikunena izi pofuna kuopseza, chifukwa ngongole imeneyi ndi yabwino kutalitali kuposa katapila wa pa msika kapena kupinyolitsa munda. Koma mwana adziwe chomwe akusainira, ndipo asanalipire ndalama ya fomu aone ngati pulogalamu yake ili pa chilengezo cha chaka chimenecho.

Bungwe la GAIA lakhala likulipirira ophunzira unamwino ovutika kuyambira mu 2005, ambiri mwa iwo atsikana ndi ana amasiye. Pobwezera, wophunzira amalonjeza kudzagwira ntchito m'zipatala zothandiza anthu wamba m'dziko muno kwa zaka zofanana ndi zomwe anathandizidwa. CAMFED, yomwe inayamba ntchito m'Malawi mu 2009, imathandiza atsikana ovutika ku sekondale m'maboma amene ikupezeka, ndipo ena imapitiriza nawo mpaka ku koleji. Mtsikana amene anali pa thandizo limeneli ayambire kufunsa kumeneko. Medic to Medic, bungwe la ku Britain, limathandiza ophunzira ntchito zachipatala amene atsala pang'ono kusiyira panjira chifukwa cha ndalama. Mwaona kale kuti zitseko zambiri zimayamba zatsegukira atsikana, ndipo pali zifukwa zomveka. Mnyamata wofuna unamwino asakhumudwe nazo, koma ayambe kufunafuna msanga kuposa mlongo wake.

Mumpingo mwathu, Utumiki wa Amayi ku likulu la General Conference uli ndi thumba lomwe linayamba mu 1991. Ndalama zake zambiri zimachokera ku malonda a buku la mapemphero a tsiku ndi tsiku la amayi, lomwe limatuluka chaka chilichonse. Thumbali limathandiza amayi ndi atsikana a Adventist ophunzira m'makoleji a mpingo, ndipo limayamba laganizira omwe ali m'zaka zomaliza. Si ndalama yoti n'kulipira fizi yonse, koma yatsekapo mipata. Poyambira pake ndi kwa mtsogoleri wa Utumiki wa Amayi ku Conference yanu.

Pali mfundo imodzi yomwe mabanja ambiri amaimva mochedwa. Ambiri mwa opereka thandizo sathandiza munthu amene ali pakhomo ndi kalata m'manja. Amathandiza wophunzira amene walembetsa kale, ali ndi nambala ya pa koleji, ndipo ena amayamba aona zotsatira za semesita yoyamba. Ena salengeza n'komwe m'nyuzipepala; amangopempha akuluakulu a koleji kuti awapatse maina a ophunzira ovutika. Choncho fizi yoyamba ija ndi katundu wa banja, abale ndi mpingo, ndipo ndi imene imatsegula zitseko zina zonse. Ife tikuona kuti komiti ya mpingo ikakhala ndi ndalama yochepa yothandizira, iyambe yayang'ana pamenepa: kulowetsa mwana pa geti. Phwando lotsanzikana ndi mphatso za ndowa zikhoza kudikira. Ndipo wophunzira akangofika, m'milungu yoyambirira yomweyo, apite ku ofesi yoyang'anira ophunzira, akadzidziwitse ndi kusiya kalata yofotokoza za kwawo. Asadikire tsiku lomwe adzatulutsidwe m'chipinda cha mayeso chifukwa cha ngongole. Wophunzira wamanyazi amene amagona ndi njala mwakachetechete sapezeka pa mndandanda wa munthu aliyense.

Umphawi wolembedwa papepala

Ntchito ya mapepala iyambe mwana akangomaliza mayeso a Fomu 4, zotsatira zisanatuluke. Miyezi imeneyi ana ambiri amangokhala pakhomo, chonsecho ndi nthawi yokhayo yomwe munthu angayende ulendo wa ku boma kawiri katatu popanda kupanikizidwa ndi tsiku lotsekera.

Yambani ndi dzina. Ikani pamodzi chiphaso cha unzika, pepala la zotsatira la MANEB ndi kalata ya ku koleji ikabwera, muwerenge chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno si zachilendo mwana kulembedwa ku sukulu ndi dzina la amalume amene ankamulera pamene pa chiphaso pali dzina la bambo ake, kapena kusintha dzina pobwereza Sitandade 8, kapena tsiku lobadwa kusiyana ndi chaka chathunthu chifukwa amene anakamulembetsa anangoyerekeza. Pakhomo aliyense amadziwa kuti ndi munthu mmodzi. Kompyuta yolandira mafomu siidziwa, ndipo fomu yotere ikhoza kuikidwa pambali popanda wokuimbirani foni. Kusiyana kotere kumafotokozedwa ndi kalata yolumbira pamaso pa majisitireti kapena loya wololedwa kulumbiritsa anthu, ndipo ngati cholakwika chili pa chiphaso, wokonza ndi ofesi ya National Registration Bureau ya pa boma lanu. Zonsezi sizitheka tsiku limodzi.

Pepala lopweteka kwambiri kulifuna ndi chikalata cha imfa. Pafupifupi fomu iliyonse imafunsa ngati makolo ali moyo, ndipo mwana wamasiye amaikidwa patsogolo. Koma maliro ambiri a kumudzi amachitika popanda pepala lililonse: munthu watisiya usiku pakhomo, mfumu yauzidwa, mawa lake mwambo wachitika. Patapita zaka 10 mwana akufunsidwa umboni woti mayi ake anamwalira, ndipo umboni womwe ali nawo ndi manda. Kulembetsa kubadwa ndi imfa kunakhala kokakamiza m'dziko muno kuyambira mu 2015, komabe makolo ambiri a ana omwe akupempha thandizo lero anapita osalembetsedwa. Njira yake imayambira kwa anyakwawa, amene amachitira umboni, n'kukathera ku ofesi ya kalembera kwa DC. Ngati imfa inachitikira m'chipatala, zolembedwa za chipatalacho zimafupikitsa ulendo. Banja likaiwala chaka chenicheni, buku la mlembi wa mpingo likhoza kukumbutsa, chifukwa dzina la membala likamachotsedwa chifukwa cha imfa limalembedwa. Apa tikupempha akulu a mpingo ndi amayi a Dorika: mwana wa zaka 18 asatumidwe yekha kukafunsa pepala la imfa ya mayi ake. Wamkulu amuperekeze, ndipo ndalama ya minibasi ichokere ku thumba la osowa.

Umboni wina uli kale m'nyumba, kungoti sitiutenga ngati umboni. Khadi la Mtukula Pakhomo limasonyeza kuti boma lenilenilo linazindikira kale kuti banjali ndi lovutikitsitsa. Kabuku ka kuchipatala ka kholo lodwala matenda okhalitsa, kalata yochotsedwa ntchito, kalata ya mphunzitsi wamkulu wa sekondale yonena kuti mwanayo ankaphunzira pa basale kapena ankabwezedwa chifukwa cha fizi, zonsezi zimalankhula. Mabanja a ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu amene mapepala awo anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ayambire ku polisi kukatenga lipoti la zotayika, kenako ku MANEB ku Zomba kukapempha chikalata chotsimikizira zotsatira. Kutaya nyumba ndi mbewu pa namondweyo nakonso kulembedwe pa fomu, pamodzi ndi kalata ya mfumu.

Chikalata chenicheni musachitumize kulikonse; tumizani fotokope yodindidwa. Pepala lililonse lijambulidwe pa foni n'kusungidwa ku imelo ya mwanayo. Imeloyo ikhale yake, ndipo mawu achinsinsi otsegulira awadziwe iye mwini, osati mnyamata wa pa kafe ya intaneti amene anamuthandiza kulemba. Nambala ya foni yolembedwa pa fomu ikhale yoyankhidwa, osati ya agogo amene foni yawo imakhala kotchajitsa masiku awiri.

Kalata ya abusa nayo ili ndi kalembedwe kake. Makalata ambiri amene timawaona amati mwanayu ndi wakhalidwe labwino, amaimba kwaya, ndi wokhulupirika pa mpingo. Zonsezi n'zabwino, koma osankha akufunsa funso lina. Kalata yothandiza imanena kuti wolembayo wadziwa banjalo kwa zaka zingati, anafikako pakhomo, m'nyumbamo mumagona anthu angati, chakudya chimachokera kuti, ndipo mpingo wachitapo chiyani kale. Abusa amene akuyang'anira mipingo yambiri sangadziwe zonsezi pa banja lililonse. Mkulu wa mpingo kapena mtsogoleri wa Dorika awalembere mfundozo papepala, ndipo muwapatse nthawi yokwanira, osati kuwaimitsa pakhomo la tchalitchi Lachisanu madzulo fomu ikutsekedwa Lolemba.

Kabokosi ka ndalama za pa mwezi

Gawo lomwe limavuta kwambiri ndi lofunsa ndalama zimene banja limapeza. Fomu inapangidwa ndi munthu wolandira malipiro pa mwezi, ndiye ili ndi kabokosi kamodzi. Mlimi alembemo chiyani? Ambiri amalemba kuti "palibe", ena amangodumpha. Yankho la "palibe" silikhulupirika, chifukwa banja lomwe lili moyo likudya kanthu. Khalani pansi ndi cholembera. Matumba a chimanga omwe munakolola chaka chatha, omwe munadya, omwe munagulitsa ndi mtengo wake. Nandolo kapena soya. Ganyu wa m'minda ya tiyi ndi miyezi yomwe amapezeka. Geni ya mandasi kapena tomato, ndi phindu lake lenileni mutachotsa mpamba. Ndalama yomwe achimwene a ku Joni amatumiza, ndi kuti pa chaka amatumiza kangati. Phatikizani za chaka chonse, mugawe ndi 12, kenako mulembe anthu onse omwe amadalira ndalamayo ndi makalasi a ana omwe ali pa sukulu. Nambala yotuluka pamenepo ndi yoona, ndipo mwana akhoza kuifotokoza akafunsidwa.

Yerekezani ophunzira awiri. Wina walemba kuti: "Ndimachokera ku banja losauka kwambiri ndipo ndikupempha thandizo lanu kuti ndikwaniritse maloto anga." Wina walemba kuti: "Bambo anamwalira ndili Sitandade 6. Mayi amalima theka la ekala ndipo chimanga chimatha mu Novembala. Pakhomo tilipo 7, kuphatikizapo agogo ndi ana awiri a malemu azakhali. Ndili Fomu 3 ndinakhala teremu yathunthu pakhomo chifukwa cha fizi mpaka mpingo unandilipirira." Woyambayo sananame, koma chiganizo chake chili pa mafomu ena osawerengeka mu mulu womwewo. Wachiwiriyo wapereka zinthu zoti munthu akhoza kuzitsimikiza.

Chimodzimodzi ndi funso loti n'chifukwa chiyani ukufuna unamwino. Aliyense amalemba kuti amakonda kuthandiza anthu. Mtsikana amene anagonapo pansi m'wodi milungu itatu ngati gadiyani wa agogo ake, kuwatembenuza usiku ndi kuona namwino mmodzi akuyendera odwala wodi yonse, ali ndi chonena chomwe anzake alibe, ndipo kawirikawiri ndi iye amene amaganiza kuti zimenezi si zoyenera kulembedwa pa fomu. Mafomu ambiri ndi a Chingelezi. Mwana ayambe wanena nkhani yake m'Chichewa, aitembenuze yekha, mphunzitsi angokonza galamala. Nkhani yolembedwa ndi munthu wina imaululika pa intavyu funso lachiwiri lisanathe.

Tinenepo za bodza, chifukwa uphungu wake umayenda kwambiri m'magulu a WhatsApp: iphani kholo limodzi papepala, bisani kuti bambo ali pa ntchito, aliyense amatero. Opereka thandizo ena amafika pakhomo kapena kuimbira mfumu, ndipo bodza likaululika thandizo limadulidwa. Mfumu ndi abusa amene anadinda sakhulupiridwanso, ndipo amene amalipira ndi ana ena a mudzi womwewo chaka chotsatira. Malo amene fomu yabodza yatenga ndi a mwana wamasiye weniweni, mwina wa m'kalasi yomweyo ya Sukulu ya Sabata. Komanso taganizirani ntchito yomwe mwanayu akukaphunzira. Unamwino umayenda pa zolembedwa. Namwino akalemba kuti wayeza BP kapena wapereka mankhwala 2 koloko usiku, dokotala wa m'mawa amakhulupirira osafunsa, ndipo moyo wa wodwala umadalira pamenepo. Kholo lomwe layambitsa mwana ntchito yotere ndi fomu yabodza lamuphunzitsa chinthu choopsa asanavale n'komwe yunifolomu.

Kubisa chifukwa cha manyazi nako kumataya malo. Bambo ali moyo, inde, koma anachoka zaka zapitazo ndipo satumiza kanthu. Kapena ali pa ntchito ya ulonda, malipiro ake amathera pa lendi ndi ufa. Kapena mayi akudwala ndipo sangathenso kulima. Banja limaona ngati kulemba zimenezi n'kudzichotsa ulemu, ndiye limangolemba kuti makolo onse ali moyo, n'kusiyira pomwepo. Wowerenga amaona banja lokwana. Zilembeni mwaulemu ndi mwachidule. Simukakamizidwa kutchula dzina la matenda ngati fomu siinafunse.

Sabata

Mwana wa m'nyumba ya Adventist ali ndi funso lowonjezera. Mayeso olowera ku koleji ndi intavyu nthawi zina zimaikidwa Loweruka. Akangoona tsikulo alembe kalata yaulemu yopempha tsiku lina, aphatikize ya abusa, ndipo atumize nthawi yomweyo, osati kutatsala masiku awiri. Ku Conference kuli ofesi yoona za ufulu wa chipembedzo, ndipo ntchito yake ndi ngati imeneyi. Pa intavyu asabise chikhulupiriro chake pofuna kuti ndalama ibwere kaye, koma afotokoze bwino. Wofunsa mafunso akangomva kuti "sindigwira ntchito Loweruka", amaona namwino amene adzasiye mayi ali pa ululu wobereka dzuwa likamalowa Lachisanu. Mwana anene momveka kuti kusamalira wodwala pa Sabata amachita, monga momwe anamwino a m'zipatala za mpingo achitira kuyambira kale, ndipo chomwe akupempha ndi kusintha tsiku la kalasi kapena mayeso.

Musanasaine

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kalata ya thandizo ikabwera, chimwemwe chisakuthamangitseni kusaina. Iwerengedwe pamodzi ndi munthu wodziwa Chingelezi cha mapangano, ndipo mufunse chomwe thandizolo silikulipira, chifukwa pamenepo ndi pomwe ophunzira ambiri amagwera. Fizi ikhoza kulipidwa, koma pali yunifolomu, makina oyezera BP, choyezera kutentha kwa thupi, bandulo ya intaneti, ndalama yolembetsera ku bungwe la anamwino poyamba maphunziro ndi ya mayeso a chilolezo pomaliza. Gawo lalikulu la maphunziro a unamwino limachitikira m'mawodi, ndipo ophunzira amatumizidwa ku zipatala zina kwa milungu ingapo, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Funsani kuti mayendedwe, malo ogona ndi chakudya cha kumeneko amalipira ndani. Mtsikana amene ali kutali ndi kwawo, alibe ya ndiwo, ndiye amene amavutitsidwa ndi anthu olonjeza "kuthandiza". Ngati abale agawana katundu, gawo limeneli likhale ndi mwini wake wodziwika.

Funsaninso chomwe chimachitika wophunzira akalephera phunziro, akabwereza chaka kapena akadwala. Ngati pali pangano la zaka za ntchito, funsani kuti zakazo zimayamba kuwerengedwa liti, chifukwa m'zaka zapitazi anamwino ambiri omaliza maphunziro akhala akudikira nthawi yaitali kuti boma liwalembe ntchito ngakhale zipatala zili ndi mipata. Kodi ntchito ya m'chipatala cha mishoni imawerengedwa? Nanga wodikirayo akapeza ntchito ku chipatala chomwe si cha boma, waphwanya pangano? Mayankho ake akhale olembedwa. Amalume amene akusainira kuti adzabweza mwana akalephera adziwe kuti siginecha yawo si yongolemekeza mwambo.

Za akuba tinene mwachidule. Ndalama ya fomu yeniyeni imalipidwa ku akaunti ya banki ya dzina la bungwe, yolembedwa pa chilengezo, ndipo mumatsala ndi lisiti. Munthu amene akuti mutumize ndalama pa nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba kuti akuikireni mwana pa mndandanda ndi wakuba, ngakhale atatchula dzina la bungwe lodziwika, ngakhale atayamba ndi moni wa pa mpingo.

Akakanidwa

Ambiri amakanidwa ulendo woyamba, choncho mafomu atumizidwe ku malo angapo nthawi imodzi. Ngati tsiku lolipira layandikira ndalama isanakwane, mwana asangokhala chete mpaka malo atengedwe. Apite ku ofesi ya registrar ndi kalata pamodzi ndi ndalama yomwe yapezeka, apemphe kulipira pang'onopang'ono, kapena kuti amusungire malo mpaka gulu lotsatira lidzalowe. Makoleji amasiyana pa zimenezi, koma pempho lobwera tsiku lisanakwane limamvedwa mosiyana ndi lobwera patapita mwezi. Miyezi yodikira ikhoza kupita ku ganyu, geni kapena ntchito yogulitsa mabuku a mpingo, imene yalipirira ophunzira a Adventist kuyambira kale, ndipo ndalama yake isungidwe pa akaunti yosakhudzidwa ndi za ndiwo. Yankho la koleji alandire lolembedwa, aliike m'fayilo momwe muli chiphaso, chikalata cha imfa ndi kalata ya mfumu, chifukwa chilengezo cha chaka chamawa chidzafunsanso mapepala omwewo.